Ndinkanamizira zipolopolo, chonsecho ndi magazini

Kumayambiriro kwa Seputembala

Kope langa la mfuti ndalifukulanso lero. Fodya tinathana naye ku Chinkhoma, chimanga chili m'matumba, ndiye mpata wapezeka woti ndione chimene chikuvuta pa Browning Hi-Power, mfuti yapamanja ya malemu bambo. Kwa inu amene mukuwerenga koyamba, mfutiyi ili ndi chiphaso, inalowa m'dzina langa kupolisi bambo atatisiya, ndipo imagona m'kabati yachitsulo yokiya. Zimene ndimakonda ine n'kuboola kapepala pa chulu chachikulu cha kumapeto kwa munda wathu, kuno kumbali ya Chamama, nditawauza kaye anansi kuti ana ndi mbuzi asayandikire. Basi.

Kuyambira chaka chatha yakhala ikutsamwa. Uwombe kasanu bwinobwino, kachisanu ndi chimodzi zii, chipolopolo chapingasa pakhomo la mpope wa mfuti, slide (chitsulo chapamwamba chimene chimatsetsereka m'mbuyo ndi kutsogolo mfuti ikawomba) yaima panjira. Tsiku lina imatha magazini (kachikhokho koikamo zipolopolo) yonse osadandaula. Kusinthasintha kumeneku ndi kumene kunandizunguza mutu, chifukwa chinthu chikafa chiferetu umadziwa pogwira.

Poyamba ndinanamizira zipolopolo, poti zina ndi za m'kachitini ka bambo, zakalekale. Malume anga anati ndi mafuta. "Mphwanga, chitsulo chilichonse chimafuna mafuta, ngakhale njinga." Ndinathira mpaka mfuti kumachita kutsetsereka m'manja, koma osasintha. Achikulire ena opuma usilikali amene timapemphera nawo anandiona ndikuwomba n'kunena kuti, "Achimwene, dzanja lanu n'lofewa, limbitsani pamkonopa." Zimene ananenazo si zabodza. Mfuti za mtundu uwu zimadalira kuti chogwirira chikhale nji pamene slide ikubwerera m'mbuyo, ndipo dzanja likagonja mphamvu ina imathera m'mkono, khoko la chipolopolo n'kupanidwa pazenera lotulukira makoko litaimirira. Koma iwonso atayesa, ndi mkono wawo wa usilikaliwo, inawatsamwira. Anangoseka n'kundibwezera.

Ndiye lero sindinawombe n'kamodzi komwe. Ndangotenga Cutex yofiira ya mwana wanga wamkazi n'kulemba 1, 2, 3 pansi pa magazini anga atatu. Zaka zonsezi ndinkangotola iliyonse imene dzanja lafikira, ndipo ikatsamwa sindinkadziwa kuti inali iti. Manyazi ndithu, munthu woti mabelo a fodya ndimalemba nambala lililonse.

Pakati pa Seputembala

Zipolopolo kuno sizigulidwa ngati tomato wa pa Santhe. Pamafunika mapepala, ulendo wa ku Lilongwe, ndiponso thumba lolimba. Choncho kuyesa kwanga kuyenera kukhala kowerengera. Nzeru yake nayi. Magazini ya Hi-Power imalowa zipolopolo 13 za 9mm. Ikadzaza, sipuling'i ya m'kati imakhala yapanikizika kwambiri ndipo imakankha mwamphamvu ngakhale ili yotopa. Kufooka kwake kumaonekera kumapeto, patatsala ziwiri kapena zitatu, pamene yatambasuka pafupifupi yonse. Ndiye palibe chifukwa chowotchera khumi kuti ufike pamene pali nthenda. Ndinaika zitatuzitatu basi m'magazini iliyonse, maulendo awiri.

Nambala 1 sinavute, ndipo chipolopolo chomaliza chitatuluka slide inatsakamira m'mbuyo monga iyenera kuchitira. Nambala 2 inawomba zonse, koma maulendo onse awiri slide inatseka pa mfuti yopanda kanthu. Kamwana aka kakuoneka kakang'ono koma kamanena zambiri: kampando kamene zipolopolo zimakhalira m'magazini ndi kamene kamatukula kachitsulo kogwira slide, ndipo sipuling'i ikalefuka kampandoko sikakwera ndi mphamvu zokwanira. Nambala 3 ndiyo inaulula ufiti wake. Ulendo woyamba chipolopolo chachiwiri chinalowetsa mphuno pansi n'kugunda m'munsi mwa khomo la mpope. Ulendo wachiwiri slide inadutsa pamwamba pa thako la chipolopolo n'kuchiluma pamimba, mpaka khoko kuphwanyika pang'ono. Chimenecho ndachipatula, sichibwereranso mu mfuti.

Zipolopolo zinali za bokosi limodzi, dzanja ndi lomweli, mafuta ndi omwewo. Chosiyana chinali nambala yofiira ija.

Mawa lake

Ndinayala chitenje chakale pakhonde kuti ndimasule magazini onse. Mfuti ndinaisiya m'kabati, zipolopolo m'chipinda china; pa mphasa panali magazini opanda kanthu, msomali, kansalu ndi mswachi wakutha. Umakanikiza kabatani ka pansi ndi msomali n'kutsetsereza chitsekerero. Zimene ndinaiwala n'zoti chala chachikulu chiyenera kudikirira pamenepo. Sipuling'i ya nambala 1 inachita kuuluka, fyuu, kudutsa pakhutu panga n'kukatera m'lichero la nyemba zimene mayi a kunyumba ankasankha.

"Bambo a ana, kodi nkhondo yanuyi yafika mpaka ku ndiwo?"

Anaitola ndi zala ziwiri ngati nyongolotsi n'kundiponyera. Pa ziwiri zotsalazo ndinavala magalasi. Chikanakhala diso bwenzi tikukamba zina.

M'kati mwa nambala 2 ndi 3 munali phala. Fumbi la Kasungu la mwezi uno, lija lofiira lolowa ngakhale m'sutikesi yotseka, linasakanizika ndi mafuta a malangizo a malume n'kupanga zinthu ngati chiponde chakuda. Kampando kankachita kukwekwereza pokwera. Magazini safuna kusambitsidwa mafuta. Kupukuta kuti muume, mwina kansalu konyowa mafuta pang'ono pa sipuling'i kuopa dzimbiri la nthawi ya mvula, n'kupukutanso. Mafuta ochuluka amaitana fumbi, ndiponso si abwenzi a zipolopolo zokhalitsa mmenemo.

Nditagoneka masipuling'i atatu pamodzi pa chitenje, nkhani inaoneka ndi maso. Ya nambala 1 inali yaitali kuposa zinzake. Ya nambala 2 inaperewera pafupifupi mapindi awiri. Ya nambala 3 inali yaifupi komanso yopindika chapakati ngati msana wa agogo.

Apa ndiulule tchimo langa. Ndinagwira ya nambala 2 uku ndi uku n'kuikoka mpaka inalingana ndi yoyamba ija. Mtima unati ndapulumutsa ndalama. Nditaibwezera, n'kudzaza ndi kukhuthula ndi chala kangapo, ndinamasulanso: yabwerera pomwe inali, mwinanso kuchepera. Waya ukatopa watopa. Kuukoka kumangouonjezera bala, ndipo choopsa chake n'choti tsiku loyamba umaoneka ngati wachira.

Kumapeto kwa Seputembala

Nambala 3 ili ndi matenda awiri. Nditaidzaza zonse 13 n'kuimenya pang'ono pansi ndi chikhatho, chipolopolo chapamwamba chinadumpha chokha n'kugwera pa mphasa. Nambala 1 ndi 2 ndinazimenya chimodzimodzi, sizinalavule kanthu. Ndiye kuti milomo yake, tizitsulo tiwiri topindikira m'kati timene timagwira chipolopolo chapamwamba, yayasama. Ndinapita nayo kwa mnyamata wokonza njinga zamoto za kabaza pa tauni, amene ali ndi kachida koyezera kaja kotsetsereka. Sindinatenge mfuti, magazini okhaokha opanda kanthu m'thumba la jekete. Tinayeza mpata wa pakati pa milomo: ya nambala 3 inaposa ya nambala 1 ndi pafupifupi theka la milimita chakumbuyo. Atayang'anitsitsa padzuwa anandionetsa kamng'alu kochepa ngati tsitsi pakona ya kumbuyo kwa mlomo wa kumanzere.

"Bwana, iyi timenye ndi hamala pang'ono, kenako kadontho ka wotcherera, ikhala nyuwani."

Mnyamatayu ndi waluso, injini amaidziwa ngati chikhatho chake, koma apa ndinakana. Milomo imeneyi ndi imene imalamula nthawi yomwe chipolopolo chimasulidwe ndi ngodya imene chilowere. Ikayasama chimamasuka msanga, mwina ziwiri n'kulimbirana khomo limodzi. Kuipinda kubwerera kumafooketsa chitsulo pomwe chang'aluka kale, ndipo moto wa wotcherera umachotsa kulimba kwake. Ife a kuno timanyadira kuti palibe chotayidwa, ndowa timaika chigamba, khasu timawotcherera. Ndowa ikadontha umangonyowa mwendo.

Kanthu kena kamene kanandisokeretsa: ambiri amati magazini yotupa imadziwika poti siigwa yokha ukadina batani. Pa mfuti zina n'zoona. Pa Hi-Power ayi, chifukwa ili ndi kachitsulo kamene kamaletsa kuwomba magazini ikachotsedwa, ndipo kameneka kamakhuza magazini, moti ngakhale yabwinobwino umachita kuisolola ndi dzanja. Ndinatsala pang'ono kuweruza onse atatu kuti ndi otupa.

Za kusiya magazini yodzaza miyezi yambiri, tinakangana ndi achikulire a usilikali aja. Iwo amati n'zimene zimapha sipuling'i. Ine ndaona kuti chimene chimatopetsa waya kwambiri ndi kupanikizika ndi kumasuka kobwerezabwereza, monga waya wa mpanda umathyoka ukamaupinda uku ndi uku. Nambala 3 ndi imene bambo ankaikonda, penti yake inachita kusupuka m'mbali, pamene nambala 1 inkangokhala m'bokosi. Sitinagwirizane, tinangomwa thobwa n'kusiya.

Okutobala, sabata yachitatu

Zida zafika. Mlamu wanga wa ku Joni anati angozikulunga m'masokosi n'kupatsira wa basi. Ndinamuthokoza koma ndinakana. Zinthu za mfuti kudutsa pachipata mobisa ndi njira yotayira chiphaso, mwinanso kugona kozizira. Ndinadzera kwa ogulitsa ovomerezeka mu Lilongwe, ndipo ndinadikira milungu itatu: magazini imodzi yatsopano ya Mec-Gar, kampani ya ku Italy, masipuling'i awiri a magazini, ndi sipuling'i yaikulu ija yobweza slide.

Yaikuluyi sindinaiganizire poyamba. Chinandikumbutsa ndi makoko. Kale ankagwera chapafupi kudzanja lamanja, ndinkatola ndili pomwepo, koma masiku ano ndimakawasaka kutali m'mapesi. Sipuling'i imeneyi ikafooka slide imabwerera m'mbuyo mwaukali, imamenya thupi la mfuti, makoko amauluka kutali, ndipo pobwerera kutsogolo nthawi zina siitseka mpaka kumapeto. Mfutiyi ndi ya mtundu wakale. John Browning anaiyamba koma anamwalira mu 1926 isanathe, Dieudonné Saive ndiye anaimaliza ku kampani ya mfuti ya FN ya ku Belgium, n'kutuluka mu 1935. Yathuyi si ya chaka chimenecho, koma sindikumbuka bambo akusinthapo sipuling'i ngakhale kamodzi. Nditaika yakale pambali pa yatsopano, yakaleyo inaperewera moonekeratu.

Ndinasintha chinthu chimodzi pa nthawi, kuti ndidziwe chimene chachiritsa. Koyamba sipuling'i yaikulu yokha, magazini osakhudza. Nambala 1 bwinobwino, makoko agwera pafupi ngati kale. Koma nambala 2, imene kale inkangolephera kugwira slide, tsopano inatsamwa pa chipolopolo chomaliza. Ndinayamba kutukwana chamumtima kuti andigulitsa chinthu cholakwika. Nditakhala pansi pa mthunzi wa mango ndinazindikira: sipuling'i yatsopano ikubweza slide kutsogolo mwachangu, ndipo sipuling'i yotopa ya magazini sikukweza chipolopolo pa nthawi yake. Nkhalamba ziwiri zinkayendera limodzi pang'onopang'ono, ndiye imodzi yasinthidwa ndi mnyamata. Nditaika sipuling'i yatsopano mu nambala 2, zitatu zinatuluka motsatana ndipo slide inatsakamira m'mbuyo. Ndinabwereza, chimodzimodzi.

Poika sipuling'i ya magazini pali mbali yake. Pindi lapamwamba liyenera kukhala pansi pa kampando monga inakhalira yakale, apo ayi kampando kamapendama. Ine ndinajambula pa foni ndisanachotse yakale, phunziro la tsiku la nyemba lija.

Yatsopano ya Mec-Gar ndailemba 4. Kudzaza chipolopolo cha 13 chala chimachita kuwawa, ndipo pamenepo mpamene ndadziwira kuti nambala 2 ndi 3 ndinkawadzaza mosavuta chifukwa anali atatheratu.

Novembala, mitambo yayamba kusonkhana

Lero ndawomba magazini yodzaza imodzi pa nambala 2 ndi zisanu pa nambala 4. Kutsamwa kwa mphuno pansi kuja kulibe. Panachitika kamodzi kokha kuti khoko linapanidwa pazenera, pa nambala 4, chakumapeto pamene mkono unali utatopa ndi dzuwa. Mwina ndi dzanja lija ananena achikulire, mwina ndi kasipuling'i kakang'ono ka mbedza yokoka khoko, kamenenso ndi ka nthawi ya bambo. Ndalemba m'kope ndi funso pambali pake. Kamodzi sikokwanira kugamula mlandu, ndipo zipolopolo zimene zatsala sizilola kuti ndichite kafukufuku wina chaka chino.

Nambala 3 inandivuta mtima. Ili ndi zala za bambo, penti inasupuka pomwe ankagwira. Ndinaganiza zoisunga yoyeserera, koma ndikudzidziwa, tsiku lina ndidzaitola mwachangu osayang'ana nambala. Ndachotsa sipuling'i ndi kampando, chikhokho chake ndachipaka Cutex mzere waukulu mbali zonse, n'kuchiika m'bokosi la mapepala a bambo pamodzi ndi wotchi yawo yakufa. Sipuling'i yatsopano yotsalayo ndaikulunga m'pepala la mafuta, idikire tsiku limene nambala 1 idzayambe kunama.

Feteleza afika Lachisanu, ndipo nazale ya fodya ikufuna madzi kawiri pa tsiku. Kabati ndakiya.