Mphepo ya kunyanja imafika kwa yani? Zomwe ndatola pophunzira za Dar es Salaam

Temu ino mu kosi ya za mizinda anatipatsa funso looneka lophweka: sankhani mzinda umodzi wa m'mphepete mwa nyanja yamchere, muunike ngati zokoma zake zikuposa zowawa zake kwa anthu okhalamo. Aphunzitsi anatsindika mawu omalizawo. Iwo safuna kumva za mlendo wodzapuma pa Khirisimasi, akufuna za munthu wolipira lendi kumeneko mwezi ndi mwezi.

Ambiri m'kalasi anathamangira Cape Town ndi Durban. Ine ndinasankha Dar es Salaam, ku Tanzania, chifukwa kwa ife a ku Zambia ndilo khomo lathu la kunyanja. Paipi ya mafuta ya TAZAMA, yotalika makilomita 1,710, yakhala ikuchokera kumeneko kufika ku Ndola kuyambira 1968. Njanji ya TAZARA, makilomita 1,860 mpaka Kapiri Mposhi, inatha kumangidwa mu 1975 ndi thandizo la China, nthawi yomwe boma la Ian Smith ku Rhodesia linkatitsamwitsa pa njira za kumwera. Magalimoto ambiri ochokera ku Japan omwe amatipanikiza pa Great East Road m'mawa anatsikira pa doko lomwelo n'kulowera pa Nakonde, ndipo amayi ambiri a mashopu a ku Kamwala amakaoda katundu ku Kariakoo, dera la msika waukulu wa mu Dar es Salaam. Choncho mzindawu timaudziwa ndithu, koma timaudziwa mongodutsa. Woyenda ulendo wa katundu amagona pa gesiti masiku ochepa, kutentha kukamukwana amadziwa kuti basi yobwerera ku Intercity ilipo.

Chinthu choyamba chomwe chinandigwira mtima powerenga ndi mapu akale. Mzindawu unayambidwa ndi Sultan Majid wa ku Zanzibar m'zaka za m'ma 1860, ndipo Ajeremani anausandutsa likulu la dziko lomwe ankalamulira mu 1891. Atsamunda, kuyambira Ajeremaniwo mpaka Angelezi omwe anabwera pambuyo pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, anaugawa patatu. Azungu anatenga gombe, komwe kumawomba kamphepo kozizira kochokera panyanja. Amwenye anapatsidwa pakati pa tauni, pochitira malonda. Anthu akuda anakankhidwira kumbuyo, kutali ndi madzi. Malamulo a tsankho aja anatha kalekale, koma mapu sanasinthe kwenikweni. Chomwe chinkachitidwa ndi khungu tsopano chikuchitidwa ndi thumba. Ku Oyster Bay ndi ku Masaki kumakhala akazembe, akuluakulu a makampani ndi a ndale. Ku Tandale ndi ku Manzese nyumba zinathithikana kotero kuti mphepo ilibe podutsa.

Munthu wa mu Lusaka safunika kumufotokozera zambiri pamenepa. Nafenso likulu lathu, lomwe linasamuka ku Livingstone mu 1935, linakonzedwa motero: a boma ndi azungu pamtunda wa Ridgeway, antchito awo ku Kabwata ndi ku Chilenje, ndipo otsala omwe pulani sinawawerengere n'komwe anadzipezera okha malo m'madambo ndi m'maenje okumbamo miyala, komwe lero kuli Kanyama ndi Misisi.

Apa ndi pomwe funso la aphunzitsi linayamba kundivuta. Limafuna kuti tiike zokoma mbali ina ya sikelo, zowawa mbali ina, ngati kuti zonsezo zimagwera munthu mmodzi. Koma womva kamphepo ka kunyanja pakhonde lake si yemwe amakapa madzi m'nyumba mwezi wa April. Kuwaphatikiza anthu awiriwa kuli ngati kuona wina atadya mbale ziwiri za nsima mnzake atagona ndi njala, iwe n'kulemba kuti pakhomopo aliyense wadya mbale imodzi.

Ndiye ndinaganiza zoyamba ndi kusiyanitsa mavuto obwera ndi nyanja yeniyeniyo ndi mavuto omwe angopezeka pafupi ndi nyanja. Ntchito imeneyi ndi yomwe inandidyera nthawi yambiri, ndipo ndi yomwe ndaphunzirapo kwambiri.

Tengani kusefukira kwa madzi, lomwe ndi vuto lotchuka la Dar es Salaam. Munthu akamva msanga amaganiza kuti ndi nyanja yomwe ikulowa m'nyumba za anthu. Kawirikawiri si choncho. Madzi amachokera kumtunda. Mtsinje wa Msimbazi umayambira ku mapiri a Pugu n'kudutsa pakati pa mzinda usanathire m'nyanja, ndipo m'nyengo ya mvula yaikulu, kuyambira March mpaka May, umadzaza chigwa chake chonse. Kale madzi ambiri ankalowa m'nthaka kumtunda kuja. Lero mitengo inadulidwa, pansi panaphimbidwa ndi malata ndi simenti, kotero mvula ikagwa madzi onse amatsika nthawi imodzi atanyamula mchenga ndi zinyalala zomwe zimakwirira mtsinje. Mbali ya nyanja pankhaniyi ndi yoti mvula ikakumana ndi nthawi yomwe madzi a m'nyanja akwera, mtsinje umasowa kothira, madzi n'kubwerera m'mbuyo. Dera la Jangwani limamira, ndipo msewu wa Morogoro, womwe ndi mtsempha wolowera m'tauni, umatsekedwa. Chodabwitsa n'chakuti mabasi achangu omwe anayamba kuyenda mu 2016 panjira yawoyawo kuchokera ku Kimara mpaka Kivukoni, omwe ophunzira za mizinda timawatamanda m'mabuku, depoti yawo anaimanga m'chigwa momwemo. Nayonso yakhala ikumira. Ngati akatswiri okhala ndi mapu m'manja anakopeka ndi malo apafupi ndi tauni, ndimudzudzule bwanji mayi wogulitsa mandasi yemwe anachita lendi kachipinda pomwepo?

Tsono yang'anani kwathu kuno. Lusaka ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pamlingo wa nyanja, ndipo kuti ukafike ku Dar pamsewu ndi makilomita pafupifupi 2,000. Komabe mu January anthu a ku Kanyama amayenda m'madzi ofika m'maondo. Malo ndi athyathyathya, mwala wa laimu uli pafupi ndi pamwamba, madzi apansi amakwera msanga n'kusakanikirana ndi za m'zimbudzi zokumba. Kolera ya 2017 mpaka 2018 tikuikumbukira, ndipo ya kumayambiriro kwa 2024 inasandutsa National Heroes Stadium kukhala chipatala, ana asukulu n'kukhala pakhomo mpaka mu February. Palibe mafunde omwe anafika kuno. Mu asayimenti ndalemba mosabisa kuti kusefukira, kolera, mizere ya magalimoto ndi kusowa kwa nyumba zabwino sitingaziike pa mlandu wa nyanja. Ndi mavuto a mzinda womwe wakula msanga kuposa ngalande zake, ndipo munthu wothawa Dar chifukwa cha izi adzazipezanso akangotsika basi mu Lusaka.

Zilipo zomwe ndi za nyanja zenizeni. Choyamba ndi kutentha kwa chinyezi. Kuyambira December mpaka March masana kumapitirira madigiri 30, koma chosautsa si nambalayo, chifukwa October wa kuno nayenso amafika pamenepo. Kusiyana n'koti kwathu mpweya ndi wouma, thukuta limauma, ndipo usiku kumazizirako. Kumeneko thukuta limangokhala pathupi, usiku sikuzizira mokwanira, ndipo nyumba ya malata yopanda siling'i imasunga moto wa masana mpaka m'bandakucha. Wa ndalama amayatsa makina oziziritsa, wopanda ndalama amayala mkeka pakhonde n'kumalimbana ndi udzudzu. Chachiwiri ndi mchere. Umadya malata, mageti ndi pansi pa galimoto. Umalowanso m'zitsime: anthu akakumba mijigo yambiri pafupi ndi gombe n'kumapopa mopitirira, madzi amchere amasuntha kulowa pansi pa nthaka pomwe panali madzi abwino, ndipo akalowa n'kovuta kuwabweza. Madzi a m'mipope ambiri amachokera ku mtsinje wa Ruvu, kutali ndi mzinda, ndipo mtsinjewo utaphwa chakumapeto kwa 2021 anthu ankalandira madzi mosinthana masiku, nyanja yonse ili poteropo.

Pa nkhani ya namondwe, Dar es Salaam ali ndi mwayi womwe ndinaumvetsa nditabwereranso ku manotsi a chaka choyamba. Anamondwe akuluakulu amafuna mphamvu yobwera ndi kuzungulira kwa dziko kuti ayambe kupota, ndipo mphamvuyo ndi yochepa pafupi ndi equator. Dar ali pa madigiri pafupifupi 7 kumwera, pomwe Beira wa ku Mozambique ali pafupi ndi madigiri 20. Ndicho chifukwa namondwe Idai, yemwe anafika pa gombe usiku wa pa 14 March 2019, anasasula Beira, mzinda womwe mbali zake zambiri zili m'munsi kwambiri moyandikana ndi mlingo wa nyanja. Ndikanasankha Beira, sikelo yanga ikanapendekera kwina.

Za mbali yokoma ndinazimva bwino kwa amalume anga, omwe ayendetsa mathiraki a mkuwa pamsewu wa Nakonde zaka zambiri ndipo ali ndi anzawo okhazikika kumeneko. Nditawauza kuti ndikulemba za kukongola kwa gombe anaseka.

"Mphwanga, amene ndimawadziwa ine kugombe amapitako pa Eid kapena Lamlungu lina ana akavuta. Chowasunga kumeneko ndi doko. Sitima ikangofika, wonyamula wadya, wa njinga yamoto wadya, mayi wophika tchipisi ndi mazira pageti wadya."

"Nanga kutentha kuja, amalume, sadandaula?"

"Amadandaula tsiku lililonse. Koma uwafunse ngati angabwerere kumudzi ku Mbeya komwe kuli kozizira, uone."

Ziwerengero zikugwirizana nawo. Kalembera wa 2012 anapeza anthu pafupifupi 4.4 miliyoni, wa 2022 anapeza pafupifupi 5.4 miliyoni. Izi zachitika ngakhale boma, lomwe linagamula mu 1973 kuti likulu lidzakhale Dodoma, linasamutsadi maunduna panthawi ya John Magufuli. Maofesi anapita, doko linatsala, ndipo limadyetsa Zambia, DR Congo, Malawi, Rwanda ndi Burundi. Mzinda wa doko uli ndi ntchito zing'onozing'ono zambiri zomwe munthu wopanda satifiketi angayambe nazo mawa lomwe.

Komabe gombelo sindikufuna kulipeputsa monga anachitira amalume. Mu Lusaka, bambo akafuna kutulutsa ana Loweruka, maganizo amathamangira ku Manda Hill kapena East Park, ndipo kumeneko mwana sangangoyang'ana ayisikilimu osalira. Malo ambiri omwe anali mabwalo osewerera m'makomboni anagawidwa mapuloti. Ku Coco Beach, gombe la mu Dar, banja limafika ndi ndalama ya minibasi yokha, mwina ndi ya chinangwa chokazinga, n'kukhala tsiku lonse. Malo aakulu omwe wosauka angakhalepo popanda mlonda womufunsa chomwe akufuna ndi chuma chenicheni mumzinda, ngakhale sichioneka m'matebulo athu. Onjezanipo nsomba za pamsika wa Kivukoni zomwe zagwidwa m'mawa womwewo, pomwe ife timadikira kapenta wouma wa ku Siavonga ndi Mpulungu.

Yankho lomwe ndapereka ndi loti kwa anthu ambiri okhalamo zokoma zikuposadi, ndipo cholemera pa sikeloyo ndi ntchito, gombe likubwera pambuyo. Kwa okhala m'chigwa cha Msimbazi ndalemba kuti sizikuposa, akungopirira chifukwa alibe kwina koyandikira chakudya.

Mnzanga wina wa m'gulu lathu lowerengera pamodzi sanagwirizane nane. Akuti kuchuluka kwa anthu si umboni woti akusangalala, chifukwa Kanyama nayenso akukula. Mfundo yake ndi yolimba, ndipo inanditumiza ku nkhani ya Mabwepande. Madzi atasefukira mu December 2011, anthu makumi angapo anafa, ndipo boma linasamutsira mabanja a m'chigwa ku Mabwepande, kumpoto chakunja kwa mzinda, n'kuwapatsa mapuloti pamalo ouma. Ena anakhazikika. Ena anabwerera kuchigwa komwe anachoka, chifukwa ndalama ya basi yopita ku Kariakoo ndi kubwerera inkadya phindu la tsiku lonse, ndipo wogulitsa pamsika akafika dzuwa litakwera makasitomala amakhala atapita. Komanso mapuloti ankapita kwa eni nyumba, pomwe ambiri okhala m'chigwamo anali a lendi, omwe anangosamukira m'chipinda china m'dera lomwelo.

Mnzangayo akuti izi zikutsimikiza mfundo yake, kuti anthuwo ndi omangika. Ine ndikuona kuti zikuonetsa chomwe iwo eni amachiyesa cholemera akapatsidwa malo ouma mbali ina, msika mbali ina. Sitinamvane, ndipo aphunzitsi atiuza kuti tikatsutsane pamaso pa kalasi sabata yamawa. Panopa ndikuwerenga za pulojekiti ya chigwa cha Msimbazi yomwe World Bank inavomereza mu 2022, yofuna kukulitsa njira ya mtsinje, kumanga mlatho wokwera pa Jangwani ndi kusandutsa mbali ya chigwacho kukhala paki. Chomwe ndikufufuza m'zikalata zake ndi gawo la chipukuta misozi: a lendi awerengedwa motani ulendo uno, ndipo ndalama yomwe munthu angalandire ingamupezere chipinda pamtunda wotani kuchokera ku Kariakoo.