Kodi lamulo loletsa tsankho limafika pa kusankha wachiwiri kwa pulezidenti?

Chisankho chikayandikira kuno ku Lusaka, nkhani imene imatenga malo m'minibasi ndi pamsika wa Soweto ndi yakuti wopikisana pa mpando wa pulezidenti ayima ndi yani, ndipo anthu sabisa mawu: ena amati atenge mayi, ena amati atenge Mbemba popeza iye ndi wakummwera. Bwana wa kampani atalankhula chotere polemba anthu ntchito akhoza kukokeredwa kukhoti, pakuti lamulo la zantchito la mu 2019 limaletsa kusala munthu chifukwa cha mtundu wake kapena poti ndi mkazi. Nanga andale amachitiranji zimenezi poyera popanda wowazenga mlandu?

Ine ndikuona kuti lamulolo silifika pamenepa, ndipo n'koyenera kuti lisafike. Chiyambire pamene pulezidenti wa nthawiyo, a Edgar Lungu, adasayina malamulo aakulu a dziko okonzedwanso mu Januwale 2016, wachiwiri kwa pulezidenti salinso munthu wongopatsidwa mpando, koma amayima limodzi ndi mnzakeyo pachisankho, voti imodzi n'kuwerengedwa ya onse awiri, ndipo pulezidenti akamwalira iyeyo ndiye amatsiriza zaka zotsalazo. Zimenezi zidadza titavutika ndi zisankho zapadera zodula pambuyo pa imfa ya a Levy Mwanawasa mu 2008 ndi ya a Michael Sata mu 2014. Wachiwiri wosankhidwa chotere si wantchito wa pulezidenti, chifukwa samulipira ndi iye, ndipo sangamuchotse m'mawa uliwonse akakwiyitsana. A ku Malawi amaidziwa bwino nkhaniyi, pakuti a Bingu wa Mutharika adalephera kuchotsa mayi Joyce Banda pa mpandowo ngakhale adawatulutsa m'chipani, ndipo mayiwo adakhala pulezidenti mu Epulo 2012 a Mutharika atamwalira.

Gawo 23 la malamulo athu aakulu limaletsadi tsankho, koma limamanga malamulo amene Nyumba ya Malamulo imapanga ndiponso anthu amene akugwira ntchito ndi mphamvu za boma. Wopikisana pachisankho, ngakhale akhale pulezidenti wolamula, posankha woyima naye amakhala akuchita za chipani chake. Tiyerekeze kuti wosiyidwayo wakadandaula kukhoti: woweruza angalamule chiyani? Kukakamiza munthu kuyima ndi mnzake amene samukhulupirira kuli ngati kumanga banja la anthu osafunana, ndipo dziko lonse ndilo lingadzamve kuwawa kwa ndewu zawo kwa zaka zisanu.

Mu 2016 a Lungu adayima ndi mayi Inonge Wina a ku Nalolo, kumadzulo, pamene a Hakainde Hichilema adatenga a Geoffrey Bwalya Mwamba a ku Kasama. Mu 2021 a Hichilema adatenga mayi Mutale Nalumango a ku Kaputa, a Lungu n'kutenga mayi Nkandu Luo. Palibe amene angakane kuti dera ndi chilankhulo zidawerengedwa pamenepo. Komatu kuwerenga kumeneku cholinga chake n'kukoka anthu a madera ena kuti alowe, ndipo kumagwirizana ndi gawo 60 limene limafuna kuti zipani zisamangidwe pa mtundu umodzi kapena dera limodzi. Ngakhale ku United States, a Joe Biden adalonjeza mu Marichi 2020 kuti adzayima ndi mayi, asanatchule n'komwe dzina la Kamala Harris, ndipo oweruza nkhaniyo adali ovota.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi tsankho lolembedwa m'lamulo lenilenilo. Mu 1996 adaikamo ndime yakuti makolo onse awiri a wopikisana akhale Azambia obadwira konkuno kapena obadwa kwa makolo omwe ndi Azambia, ndipo idatsekera kunja a Kenneth Kaunda, amene makolo awo adachokera ku Nyasaland, komwe lero ndi ku Malawi. Ndime yomweyo idakhudzanso a Guy Scott, amene adagwirizira mpando wa pulezidenti mu 2014 pomwe makolo awo adabadwira ku Britain. Idachotsedwa mu 2016, koma padalowa ina yofuna satifiketi ya giredi 12 kwa wopikisana ndi woyima naye yemwe. M'dziko limene atsikana ambiri akumidzi adasiyira sukulu panjira chifukwa cha umphawi ndi maukwati a ana, ndime imeneyi imatseka khomo kwa amayi ochuluka kuposa amene mtsogoleri wa chipani aliyense angawasale, ndipo ndi iyo imene aphungu athu ali ndi mphamvu yoisintha.