Dzino loyamba laguluka, denga lili kutali

Mwana wathu wachisamba, yemwe ali ndi zaka 6, waguluka dzino lake loyamba Lachiwiri lapitali pamene amadya chimanga chootcha kuno ku Rosettenville, mumzinda wa Johannesburg ku South Africa. Linali dzino lakutsogolo lam'munsi, ndipo linakhala likugwedera kwa milungu iwiri, iye akulisuntha ndi lilime nthawi zonse, ngakhale m'tchalitchi.

Chimene chinamudabwitsa n'chakuti dzinolo linalibe muzu. Ndinamufotokozera kuti dzino latsopano likamakula pansi pa nkhama limasungunula muzu wa lakalelo pang'onopang'ono mpaka litasowa pogwira, n'chifukwa chake magazi amatuluka ochepa ngati munthu sanalizule mokakamiza ndi ulusi monga ankatichitira amalume athu. Anachukucha madzi ofunda a mchere, ndipo nkhani ya ululu inathera pomwepo.

Mlandu unabuka pa funso lakuti dzinolo lipite kuti. Kwathu ku Dedza agogo ankatiuza kuti tiliponye padenga la nyumba kuti lina limere msanga, ndipo palibe ankatsutsa. Koma ife timakhala m'nyumba yosanja, pansanjika yachiwiri, ndipo denga lake sitinalionepo n'komwe. Mwanayo anabwera ndi nzeru ya kusukulu. Anati, "Amayi, anzanga amaika dzino m'nsapato usiku, kenako mbewa imabwera kudzalitenga n'kusiya ndalama." Umenewu ndi mwambo wa mabanja olankhula Chiafrikaans, amene mbewayo amaitcha Tandemuis. Bambo ake anaseka mpaka misozi, nati kwathu mbewa ikayandikira munthu imathera pampani, sibwera ndi ndalama. Agogo ake titawaimbira pa WhatsApp anaumirira za denga, koma mdzukulu wawo anali atamva kale fungo la marandi khumi (R10).

Pamene ndinkaunika m'kamwa mwake ndi tochi ya foni kuti ndione gweru, ndinaona chinthu chimene chinandidetsa nkhawa kuposa dzino logulukalo. Kumbuyo kwenikweni kunali kutamera mano akuluakulu otafunira, amene amatuluka mwana akafika zaka pafupifupi 6 popanda kugulula lina lililonse. Makolo ambiri timawayesa a ubwana, timaganiza kuti akabooka adzalowedwa m'malo, chonsecho amenewa ndi a moyo wonse. Mano a ubwana alipo 20 ndipo amamaliza kuguluka mwana ali ndi zaka pafupifupi 12, pamene munthu wamkulu amakhala ndi 32, ndipo akumbuyowa ali m'gulu la 32 limenelo. Mswachi wa mwana wanga sunkafika kumeneko, ndipo ine ndi amene ndimamupatsa makobidi ogulira maswiti ku spaza, kashopu kakang'ono ka m'dera lathu, akaweruka.

Usiku umenewo mbewa inasiya R10 pamodzi ndi mswachi watsopano. Dzinolo ndalikulunga m'kapepala, ndipo likudikira m'chikwama changa mpaka December, pamene tidzakwere basi kupita ku Dedza komwe kuli denga lofikirika.