Maere anditsegula mutu

Miyezi iwiri ndakhala ndikuloweza mawu a m'kalasi oti randomisation, kutanthauza kugawa zinthu mwa maere pa kafukufuku, osadziwa chimene ndikuloweza. Dzulo zandilowa, ndili ndi khasu m'manja m'munda mwa amalume kuno ku Thyolo.

Mundawo uli pamtsetse. Chaka chatha anathira manyowa kumunsi, kufupi ndi khwawa, kumtunda n'kuthira feteleza. Chimanga chakumunsi chinabereka mochititsa kaso, ndipo mpaka lero amalume amalumbira kuti manyowa aposa feteleza. Inenso ndinkavomera. Koma nditafukula dothi ndinaona ndekha: kumunsi ndi lakuda bii, lachinyontho, chonde chonse chimene mvula imakokolola chimakaunjikana komweko. Kumtunda ndi katondo wouma gwa. Ndiye chinabereketsa n'chiyani, manyowa kapena malo? Amalume sananame ayi. Kungoti posankha pothira manyowa, anasankha malo amene anali abwino kale.

Apa ndi pamene ndamumvetsa Ronald Fisher, katswiri wa masamu a kafukufuku, amene anayamba ntchito pa siteshoni ya kafukufuku wa zaulimi ya Rothamsted, ku England, mu 1919. Iye ankati wofufuza asasankhe yekha. Munda ugawidwe timapoloti tambiri, maere anene kuti apa manyowa, apa feteleza, apa pasathiridwe kanthu, ndipo chilichonse chibwerezedwe kangapo. Zikatero mtsetse, chinyontho, ngakhale chulu chakale chimene sunachione, sizikondera mbali imodzi. Chimene sunachione! Mfundo yake yagona pamenepo. Maere amakuteteza ngakhale ku zinthu zimene sukuzidziwa n'komwe. Tsopano ndikamadutsa pa siteshoni ya kafukufuku ya Bvumbwe, minda yoyeserera ija ndiziyiona ndi maso ena.

Kunena zoona, panopa ndikatsegula pepala la kafukufuku ndimathamangira kuona ngati anachita maere. Ngati sanachite, mtima umagwa, zinazo ndimangowerenga mwamwambo.

Chondiwawa n'chakuti m'kalasi mutuwu tinaudutsa m'mphindi zochepa. Aphunzitsi anadzaza bolodi ndi mafomula, akuti silabasi yatsalira, ife kumangokopera. Akanangotitengera panja ndi timapepala m'chipewa, bwenzi titamva tsiku lomwelo. Mwina nawonso nthawi ikuwapanikiza, koma miyezi iwiri ija ikundipweteka.

Pali chimodzi chikundisowetsa tulo. Palibe anachitapo maere kuti awa azisuta fodya, awa ayi, komabe zoti fodya amayambitsa khansa ya m'mapapo n'zotsimikizika, kuchokera pa ntchito ya anthu ngati Richard Doll ndi Bradford Hill mu 1950. Fisher yemweyo anazitsutsa, ndipo analakwitsa. Ndiye mapepala amene ndikuwanyoza aja, mwina ndikuwalakwira? Apa ndiye sindinafike.