Mtondo wa ku Nkhotakota m'magalasi a VR

Kwa miyezi isanu ndi umodzi ndakhala ndikumanga mudzi wa m'mbali mwa nyanja ya Malawi pa kompyuta, pogwiritsa ntchito pulogalamu ya Unity, kuti Amalawi okhala kuno ku Johannesburg akavala magalasi a VR (magalasi oonetsa munthu zithunzi za pa kompyuta ngati kuti ali m'kati mwa zithunzizo) azimva ngati aima pamchenga ku Nkhotakota. Chidwichi ndinachitola ku Fak'ugesi, chikondwerero cha luso la makompyuta cha kuno ku Johannesburg chimene chinayamba mu 2014, ndipo ndimachitama chifukwa chimapereka mpata kwa opanga zinthu za ku Africa kuno.

Oyamba kuyesa mudziwo anali azakhali anga, amene amasoka zovala ku Turffontein, dera la kuno ku Johannesburg. Bwato litangoyamba kuyenda panyanja, anavula magalasiwo msangamsanga nagwira khoma, akudandaula za chizungulire ndi nseru. Cholakwa chinali changa. Maso akamauza ubongo kuti munthu akuyenda pamene ziwalo za m'kati mwa khutu zikuchitira umboni kuti thupi lili phee, ubongo umasokonezeka, ndipo zinthu zimaipiratu ngati zithunzi zikuchedwa, monga zinkachitikira zanga zimene zinkalephera kufika 72 pa sekondi m'magalasi a Quest 2. Bwatolo ndinalimangirira pagombe, ndipo tsopano munthu amangoloza pamene akufuna kukaima n'kupezeka pomwepo.

Vuto lina ndi lakuti mu filimu kamera imakusankhira chimene uone, koma mu VR munthu amayang'ana kumene wafuna, ngakhale kumwamba kopanda kanthu. Chomuitanira chimene ndimachikhulupirira kwambiri ndi phokoso. Ndinaika amayi awiri akusinja chimanga kumbuyo kwa woonera, ndipo ulendo wachiwiri azakhali anatembenuka okha atangomva mtondo. Ndinakondwa, koma kwa kanthawi kochepa chabe.

"Iwe, amenewa sakusinja ayi," anatero, magalasi adakali kumaso. "Anthu awiri pa mtondo umodzi amalandizana, wina akakweza musi wina amatsitsa. Akowa awombanitsa misi."

Ndinali nditatha masabata atatu ndikukonza kunyezimira kwa dzuwa pamadzi, chinthu chimene azakhali sanachitchule n'komwe, pamene kusinjako ndinangokubwerezabwereza kuchokera ku kaphokoso kamodzi kotenga pa intaneti. Ndinapempha msuweni wanga kumudzi kuti ajambule pafoni amayi akusinja zenizeni n'kunditumizira pa WhatsApp. Pakati pa zojambulazo pakumveka tambala akulira ndi mwana akuitana agogo ake, ndipo zonsezo ndazisiya momwemo.