Dzira limakalamba limodzi ndi mwini wake

Anzanga a uzamba, chifukwa chimene mimba zambiri zimapitira padera chalowa m'mutu tsopano, mtima wanga wakhala pansi. Masabata atatu ndakhala ndikuloweza kuti pafupifupi theka la mimba zopita padera m'miyezi itatu yoyamba zimakhala ndi vuto la ma chromosome, tizingwe ta m'maselo tonyamula chibadwa, koma gwero lake linkandizemba. Zoti selo la munthu lili ndi ma chromosome 46, dzira ndi umuna 23 chilichonse, tonse tinazilemba kale pa mayeso.

Chimene ndinkaphonya n'chakuti mazira a mkazi amapangika iye akadali m'mimba mwa mayi ake. Amayamba meiosis, kugawikana kotsitsa ma chromosome kuchoka pa 46 kufika pa 23, n'kuima panjira, ma chromosome ali chigwiriziridwe ndi puloteni yotchedwa cohesin. Umuna umapangika watsopano masiku onse, pamene dzira la mayi wa zaka 40 ladikira zaka zonsezo. Ganizani mtolo wa bango womangidwa ndi luzi n'kusiyidwa patsindwi padzuwa la ku Ngabu: luzi limafumbutuka, ponyamula bango lina limatsalira. Cohesin naye amafooka chomwecho zaka zikamapita. Dzira likamamaliza kugawikana, nthawi zina chromosome imodzi imapita kolakwika, mluza n'kukhala ndi 47 kapena 45. Miluza yambiri yotere simera n'komwe m'chiberekero. Trisomy 16, pamene chromosome nambala 16 ilipo itatu m'malo mwa iwiri, imathera padera. Trisomy 21 mwana akhoza kubadwa nayo.

Ndazimvetsa nditatenga machesi ndi ulusi wakale wosokera, n'kumanga awiriawiri pamphasa ngati ma chromosome ndi cohesin, magetsi atazima. Pokoka, ulusi wina unaduka wokha. Kunena zoona, aliyense atachita za machesizi, mabuku akhoza kupuma. Aphunzitsi athu anadutsa mutu wonsewu m'mphindi zochepa, masana kukutentha, ife tikupepesa ndi makope. Nditafunsa anati nthawi yatha. Zinandiwawa, chifukwa amayi amene tidzawalandire ku Nsanje ndi ku Chikwawa amauzidwa kuti mimba yachoka chifukwa chosenza madzi kapena kulodzedwa.

Kumene amachita IVF, kukumanitsa dzira ndi umuna kunja kwa thupi, njira imene Louise Brown anabadwira ku England mu 1978, amatha kudikira mluza ufike tsiku la 5, n'kutapa maselo ochepa kumbali imene idzakhale nsengwa, n'kuwerenga ma chromosome. Amati PGT-A. Komabe mluza wokwana 46 nawo nthawi zina sugwira, ndipo wina umakhala ndi maselo osakanikirana, abwino ndi olakwika.

Apa machesi anga sakundithandiza. Ndipo mayi amene wapita padera kachitatu ndikamuuza kuti si kulakwa kwake, koma ndi dzira, kaya amva ngati chitonthozo, kaya amva kuti ndikumunena kuti wakalamba.