Mbiri ya moyo wanga, gawo 6: zaka ziwiri za softball ndi zomwe zinatsatira

Gawo lathali ndinalekezera pomwe ndinamaliza high school ku South Bend, Indiana mu 2018, ndiye lero ndikambe za koleji, ngakhale kunena zoona gawo ili ndakhala ndikulizengereza chifukwa limandikhudza kwambiri.

Sukulu zikuluzikulu za zaka zinayi sizinandiitane. Amene anandiimbira foni anali kochi wa community college ina yaing'ono ku Michigan, koleji ya zaka ziwiri, ndipo anati akufuna catcher, wogwira mpira kumbuyo kwa womenya, mu timu yake ya softball. Timu yathu inali mu Division II ya NJCAA, bungwe loyendetsa masewera a makoleji a zaka ziwiri, kumene sikolashipu imatha kulipira fizi ndi mabuku koma malo ogona ndi chakudya umadzionera wekha, ndiye ine ndinkagonabe kwathu nkumadzuka mdima ulipo kuyendetsa kagalimoto ka amayi kupita ku masewera olimbitsa thupi 6 koloko mmawa, kenako kalasi, kenako ku bwalo mpaka dzuwa kulowa.

Amayi softball sankaimvetsa ayi. Ankaitcha fulaye wa azungu. Tsiku loyamba kundiona nditavala chisoti chija ndi zotchinga pamtima ndi mmiyendo anandigwira mkono nkunena kuti "iwe mwanawe, tinachoka ku Zomba kuti uzidzagendedwa ndi mpira?" Koma gemu iliyonse ya pakhomo ankabwera, atafunda bulangete, atanyamula mandasi mu kontena, ndipo atsikana a mu timu anawazolowera moti ankafunsa okha kuti kodi amayi ako abwera lero.

Kwa amene simunaonepo, ntchito ya catcher ndi kunyonyomala kumbuyo kwa womenya mpira gemu yonse, ma inning 7 (zigawo za gemu), ndipo nthawi zambiri timasewera magemu awiri tsiku limodzi. Woponya amaima mafiti 43 kuchokera pa iwe, ngati mamita 13 basi, amazunguza mkono nkuutulutsa mpira cha mmunsi, ndipo musanamizidwe ndi dzinalo, mpira wachikasu uja si wofewa olo pang'ono. Chala changa chachikulu chakumanzere chinkakhala chotupa kuyambira Malichi mpaka Meyi. Koma malo amenewo ndinkawakonda chifukwa ndi iwe wekha amene umaona bwalo lonse kutsogolo kwako, ndi iwe umamuuza woponya ndi zala kuti aponye mpira wanji, ndipo akayamba kunjenjemera umapempha kanthawi, umapita nkukamuuza mawu awiri atatu mpaka mtima wake ukhale pansi. Ine kusukulu ndinali mwana wofatsa, wamanyazi ndi Chizungu changa, koma kumbuyo kwa plate kuja, pomwe womenya mpira amaima, ndinkalankhula ndipo anthu ankandimvera.

Sizoni ya 2019 inayenda bwino, sitinafike patali koma ndinasewera pafupifupi gemu iliyonse, mphepo yochokera ku Lake Michigan ikutilowa mpaka mmafupa. Chaka chachiwiri ndi chomwe ndinkadalira, chifukwa ku koleji ya zaka ziwiri ndi nthawi imeneyo makochi a mayunivesite amabwera kudzakuona. Ndiye mu Malichi 2020 Covid inafika, NJCAA inaimitsa masewera onse a nyengo imeneyo. Kochi anatisonkhanitsa mu jimu natiuza, tinalira, tinabweza mayunifolomu, basi. Gemu yanga yomaliza ndinaisewera osadziwa kuti ndi yomaliza, ndipo ichi ndi chimene chimandipweteka mpaka lero, sindikumbuka nkomwe kuti mpira womaliza ndinaugwira bwanji.

Anatiuza kuti chaka chimenecho sachiwerengera, amene akufuna atha kubweranso. Anzanga ena anabwerera. Ine sindikanatha, amayi maola awo kuntchito anali atachepa, kumudzi agogo ankadikira ndalama ya mankhwala ndi ya feteleza, ndipo dipuloma yanga ya associate inali itatha kale. Inabwera pa positi mu envulopu, opanda mwambo uliwonse.

Ndinachita kosi ya CNA, ya othandiza anamwino, nkuyamba ntchito yosamalira okalamba, shifiti ya usiku, ntchito yomwe Amalawi ambiri kuno amaidziwa bwino. Sindikuinyoza ayi, agogo aja ndinawakonda ndipo ena anamwalira ndikuwagwira dzanja. Koma panalibe amene ankadziwa kuti ndinali wosewera, ndipo thupi langa linkadzukabe lokha nthawi ya masewera. Gulovu ndinaiponya mu buti ya galimoto chaka chathunthu osaikhudza. Mu Julayi 2021 nditaweruka mmawa ndinakhala mgalimoto pa parking nkuonera pa foni fainolo ya Olympics ya Tokyo, Japan inagonjetsa America 2-0, ndipo ine maso anga anali pa ma catcher okha, mmene akuikira mapazi, mmene akubisira zala. Ndinalira mpaka foni inazima.

Patapita masabata angapo mayi wina wa kutchalitchi anandiuza kuti timu ya mwana wake, atsikana osakwana zaka 10, ilibe wowathandiza. Ndinapita ndi tulo tanga, ndinatsegula buti, gulovu ija inali itauma gwa moti ndinachita kuipaka mafuta usiku wonse. Panali kamtsikana kena kamene palibe ankafuna kukapatsa mpira chifukwa kankatseka maso mpira ukamabwera. Ndinakaveka chisoti, ndinanyonyomala pambali pake, mawondo anga akulira, nkukauza kuti "yang'ana mpira, usaope, ine ndili pompano." Loweruka lachitatu kanaugwira maso ali otsegula nkutembenuka kundiyang'ana.

Mpaka pano ndimapitabe Loweruka lililonse ndikaweruka, ndipo amayi ayambiranso kukazinga mandasi. Gawo likubwerali ndidzakuuzani mmene ndinabwerera kusukulu kukaphunzira unamwino.